Mwala si stone basi, ndinazionera pa makoma a ku Yorkshire

Tili ku pulayimale aphunzitsi analemba pa bolodi mawu awiri moyandikana, uku mwala uku stone, ife n'kukopera m'makope, n'kuloweza, nkhani yathera pompo. Titafika ku sekondale kunabwera rock mu phunziro la jogalafe, ndi ma igneous ake, sedimentary, metamorphic, ndipo ine mumtima ndinangoti ooh ndiye kuti rock ndi stone wamkulu, kapena ndi stone yemweyo koma wa anthu ophunzira. Ganizo limeneli ndayenda nalo zaka zoposa 20 ndipo palibe amene anandiwongolapo, chifukwa kunena zoona ku mayeso limakhozetsa ndithu. Linadzandithera mphamvu nditafika kuno ku England, nditapeza ganyu kwa bambo wina wachikulire wa ku Yorkshire amene amakonza mabwalo a nyumba za anthu komanso kumanga makoma a miyala.

Sabata yanga yachiwiri pa ntchito tinkakonza malo okhalapo panja kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Tinakumba, kuchotsa dothi lonse ndi wilibala, ndiye bwana anandipatsa makiyi a galimoto kuti ndikatenge zothira pansi tisanayale miyala yaphanthiphanthi ija. Anatchula dzina la chinthucho koma Chingerezi cha ku Yorkshire chimathamanga komanso chimameza zilembo, ine ndinangomva kuti akufuna miyala ing'onoing'ono, ndipo manyazi anandigwira kuti ndifunsenso kachitatu. Nditafika ku sitolo ya zomangira ndinauza mnyamata wa pakauntala kuti ndikufuna small stones, jumbo imodzi yaikulu ija amanyamula ndi makina. Iye anandiyang'ana mwaulemu ndithu n'kuyamba kutchula, gravel, shingle, chippings, pebbles, ballast, hardcore, Type 1, mukufuna ziti? Pa mawu onsewo limodzi lokha ndi lomwe ndinalidziwa bwino kuchokera m'mabuku a kusukulu, pebbles. Ndinasankha lomwelo.

Bwana sanakalipe ayi, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza pa chimenechi. Anatapa miyala ija m'manja, yosalala yobulungira bwino, anaithira pansi n'kuiponda ndi jombo, miyala ija n'kubalalika uku ndi uku ngati nyemba pa simenti. Kenako anapita ku galimoto yawo kukatapa timiyala tina totsala ku ntchito ina, toswedwa ndi makina, tokhala ndi nsonga, tosakanikirana ndi fumbi lake, anapondanso, ndipo tinangokhala phee osasuntha. Anati yobulungira imagubuduka, yansonga imalumana, ukayala khonde pa yobulungira pakatha chaka limakhala litapendekeka. Chomwe ankafuna ndi Type 1, miyala yophwanyidwa yoyambira pa mamilimita 40 kutsika mpaka fumbi, imene ukaipsinja ndi makina imalimba ngati msewu.

Chimene chinandiwawa tsiku limenelo si kubwerera ku sitolo kapena mafuta omwe anapita pachabe. Chinandiwawa n'chakuti zimene amandiphunzitsazo ndinkazidziwa kale kuyambira ndili mwana. Amayi anga aang'ono analera ana awo ndi hamala, ankakhala m'mphepete mwa msewu ku Blantyre kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka akuswa miyala ya kwale, chitenje chokulunga kumutu, zala zong'ambikang'ambika, milu ya miyala itandandalikidwa malinga ndi kukula kwake, yogulitsa pa wilibala. Ine tchuthi chilichonse ndinkawathandiza kututa. Munthu aliyense pamenepo ankadziwa kuti nsangalabwi za kumtsinje ndi zina, kwale ndi wina, ndipo wofuna maziko olimba amagula kwale. Nzeru ndinali nayo m'manja mwangamu, chimene chinasowa ndi liwu basi, chifukwa Chingerezi chomwe ndinaphunzira chinandipatsa thumba limodzi lolembedwa stone n'kundiuza kuti ndiponyemo zonse.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu, ndipo funso loyamba lomwe linandisowetsa tulo ndi lakuti kodi rock ndi stone zimasiyana pati. Ambiri amayankha kuti ndi kukula, rock wamkulu stone wamng'ono, ndipo pang'ono n'zoona koma yankho limeneli silifika patali. Pitani ku Stonehenge ku Wiltshire, malo akalekale a miyala yoimikidwa mozungulira kum'mwera kwa England, miyala ikuluikulu ija amaitcha sarsen, umodzi umalemera matani pafupifupi 25, wautali kuposa nyumba zathu zambiri za kumudzi, koma palibe Mngelezi amene amati ndi ma rock, onse amati stones. Chifukwa chake n'chakuti anthu anaisema, anaikoka, anaiimika. Ina yocheperapo ija ya bluestone anachita kukaitenga kutali ku mapiri a Preseli ku Wales. Ndiye ine mmene ndimaonera, ndipo ndakhala ndikuziyesa pa ntchito tsiku ndi tsiku, rock ndi chija chidakali mbali ya dziko, chomwe unachipeza chilipo ndipo udzachisiya chilipo, pomwe stone ndi chimene chachoka pa thupi la dzikolo, chimene dzanja la munthu lingatole, kusema, kumangira, kuponya. Pa kwale makina amaphulitsa rock, koma lole ikamatuluka pageti imakhala yanyamula stone. Nyumba yomangidwa ndi miyala ndi stone house, khoma ndi stone wall, mlatho ndi stone bridge. Koma wokwera matanthwe ndi zingwe amachita rock climbing, ndipo chiphiri cha ku Gibraltar chija, chotalika mamita 426, amangochitcha the Rock.

Nditazindikira zimenezi ndinadabwa kuti bwanji aphunzitsi athu sanangotiuza kuti rock ndi thanthwe, chifukwa Chichewa chili nako kale kusiyanitsa kumeneku. Mwana aliyense wa Sande sukulu amadziwa kuti munthu wanzeru anamanga nyumba yake pa thanthwe, osati pa mwala, koma Davide anatola miyala isanu yosalala mumtsinje, ndipo pa manda a Yesu anakunkhuniza mwala. M'Baibulo la Chingerezi malo omwewo ndi rock pa nyumba ija, stones kwa Davide, stone pa manda. Amene anamasulira Baibulo m'chinenero chathu anazimva bwino zinthuzi kuposa mndandanda wa mawu omwe tinkaloweza. Zojambula zakale za ku Chongoni ku Dedza, malo 127 omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, pa Chingerezi amati rock art, chifukwa zinajambulidwa pa matanthwe ndi m'mapanga, pa thupi la phiri lenilenilo. Ukanena stone art Mngelezi aganiza za ziboliboli zosema. Koma musaganize kuti zimagwirizana ndendende nthawi zonse ayi, ife liwu loti mwala timalitambasula kwambiri. Mwala wa Mphini uja wa kufupi ndi Cape Maclear ife timati mwala, koma mlendo akaufotokoza m'Chingerezi anena kuti rock, ndipo sanalakwe.

Ndiye pali Amereka, amene amasokoneza zonse zomwe ndanenazi. Mwana wa ku America akatola kamwala kogendera galu amati watola rock, akaswa windo amati anaponya rock, pomwe mwana wa kuno anena stone. Ife ambiri Chingerezi cha kusukulu ndi cha ku Britain koma cha m'makutu ndi cha mafilimu ndi YouTube, ndiye zimasakanikirana m'kamwa osadziwa. Palibe cholakwika pamenepo, kungoti ndi bwino kudziwa kuti ukulankhula ndi ndani.

Mawu awiriwa anachokeranso kosiyana. Stone ndi mwini mudzi, m'Chingerezi chakale ankati stan, ndipo abale ake alipo mpaka pano, Ajeremani amati Stein, Adatchi steen. Liwu lakale lija linabisala m'mayina omwe timawatchula osaganizira, Stanley poyamba ankatanthauza malo olambulidwa amiyala, Stanford ndi powolokera mtsinje pamiyala. Ndiye a Stanley onse a kwathu aja, dzina lawo muli mwala. Rock ndi wobwera, analowa kudzera ku Chifalansa chakale, roque kapena roche. Mwina n'chifukwa chake stone ndi amene ali ponseponse m'nyumba ndi m'moyo wa tsiku ndi tsiku wa Mngelezi, millstone ndi mphero, whetstone ndi mwala wonolera mpeni, gravestone kapena headstone ndi mwala wa pamanda, cornerstone ndi mwala wa pangodya, milestone unali mwala weniweni wa m'mbali mwa msewu wolembedwa mitunda yotsala, asanautenge a m'maofesi kuti azitchulira zomwe akwaniritsa pa pulojekiti.

Akatswiri a miyala okha ndi amene anaganiza zothetsa mkangano ndi rula. Mu 1922 munthu wina wa ku America, Chester Wentworth, anakonza muyeso womwe akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Mwala ukaposa mamilimita 256 m'mimba mwake, tinene kuti wokulirapo pang'ono kuposa mpira wamiyendo, ndi boulder. Kuyambira 64 mpaka 256 ndi cobble, yomwe ankayalira misewu yakale ija mpaka kukhala cobblestone. Kuyambira 4 mpaka 64 ndi pebble, nsangalabwi zathu zambiri zili mmenemu. Kuyambira 2 mpaka 4 ndi granule, pansi pa 2 wayamba mchenga, kenako silt, kenako clay lomwe ndi dongo. Chosangalatsa n'chakuti pa muyeso wonsewu mulibe stone, mulibenso rock, chifukwa kwa iwo rock ndi chinthu chomwe mwalawo wapangidwa nacho, kaya ndi granite, limestone kapena sandstone, kukula kwake kulibe ntchito.

Koma pa malo a ntchito palibe amene amayenda ndi Wentworth m'thumba, kumeneko mawu amatsata ntchito ya mwalawo. Gravel ndi timiyala ta pa njira yolowera galimoto, amagulitsa ta mamilimita 10 kapena 20. Shingle ndi tobulungira ta kunyanja kapena kumtsinje, gombe la ku Brighton lonse ndi shingle, mchenga ngati wa ku Senga Bay kulibe, ukakhala pansi umamva kubaya. Chippings ndi toswedwa tansonga. Ballast ndi mchenga wosakaniza kale ndi miyala, umangothira simenti ndi madzi konkire yatheka, komanso liwu lomwelo ndi la miyala ya pansi pa njanji. Hardcore ndi zigumu za njerwa, konkire wakale ndi miyala zothira pa maziko, rubble ndi zogumuka za nyumba zomwe sizinapatsidwe ntchito, ndipo rubble yemweyo ukamuthira m'dzenje la maziko wasanduka hardcore. Grit ndi timiyala tating'ono kwambiri tokhakhala, ndiponso ndi dzina la mchere umene amawaza m'misewu nthawi ya chisanu. Flagstone kapena kungoti flag ndi mwala waphanthi woyala pansi, tsiku loyamba bwana atati tikanyamule ma flag ine maso anali m'mwamba kufunafuna mbendera.

Komwe ndinawakondera kwambiri mawu amenewa ndi pa khoma. Kuno kumpoto kwa England mapiri onse ndi odulidwadulidwa ndi makoma a miyala opanda simenti, opanda dothi, miyala yokhayokha yosanjikizana, amati dry stone wall, ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 pamene ankagawa minda ndi mabusa a nkhosa. Khoma likagumuka penapake amatiitana. Choyamba bwana salola kuti ugwire hamala, umayamba waphwasula pogumukapo n'kuyala miyala yonse pa udzu m'magulumagulu, ndipo gulu lililonse lili ndi dzina. Ikuluikulu yolemera ija yokhala pansi penipeni ndi footings. Yomangira nkhope ziwiri za khoma ndi face stones, chifukwa khomali kwenikweni ndi makoma awiri oyang'ana kosiyana amene amapendekera mkati pokwera, kupendekera kumeneko amati batter. Pakati pa awiriwo pamakhala mpata, ndipo timiyala ting'onoting'ono todzaza mpatawo amatitcha hearting, kuchokera ku heart, mtima. Italiitali yopingasa imene imagwira nkhope zonse ziwiri kuti zisatayane ndi through stones, ndipo yoimirira pamwamba penipeni ngati mano ndi cope stones.

Ntchito yanga miyezi yoyamba inali hearting. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya mwana, kungotapa ndi fosholo n'kukhuthulira pakati, koma bwana anandigwira dzanja n'kunena kuti ayi, kalikonse umakaika ndi dzanja, umakafunira pomwe kalumane ndi anzake, chifukwa khoma siligwa chifukwa cha miyala ikuluikulu yooneka kunja ija, limagwa mtima wake ukakhala wa mphako, madzi akalowa n'kuundana nthawi yozizira nkhope ziwiri zija zimagwera mkati. Ndinakhala tsiku lonse nditagwada pa udzu wonyowa, mphepo ikuwomba ngati ya ku Dedza mwezi wa June, ndikusankha timiyala tonga zibakera za mwana wakhanda, kukatembenuza, kukayesa apa, kukachotsa, kukayesa apo, mpaka kumva kuti kakhala. Lamulo lina lomwe amabwereza ngati nyimbo ndi lakuti umodzi pa iwiri, iwiri pa umodzi, kutanthauza kuti mwala uliwonse ukhale pa mphako ya iwiri ya pansi pake, chimodzimodzi mmene amisiri a kwathu amayalira njerwa. Tsiku lina tikupuma ndi tiyi ndinawaonetsa pa foni makoma a Great Zimbabwe kufupi ndi Masvingo, a granite, opanda simenti, ena otalika mamita 11, omangidwa zaka mazana ambiri makoma a ku Yorkshire omwe timakonzawa asanayambe, ndinawauzanso kuti dzina la dzikolo ambiri amalimasulira kuti nyumba za miyala kuchokera ku Chishona. Anaitenga foni ija, kuikulitsa ndi zala zawo zokhakhala, anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anangoti amene anamanga apa ankadziwa ntchito.

Mapiri a kuno nawo ali ndi mawu awo omwe m'dikishonale ya kusukulu simungawapeze msanga. Crag ndi thanthwe losongoka loonekera pa phiri. Scree ndi miyala yogumuka yomwe yaunjikana m'munsi mwa phompho, liwu lomwe anasiya ma Viking, anthu akale ochokera kumpoto kwa Ulaya. Scar kuno si chipsera chokha ayi, ndi phompho la thanthwe, ngati Gordale Scar. Kum'mwera ku Dartmoor milu ya matanthwe ya pamwamba pa zitunda amaitcha tor. Pamwamba pa Malham Cove pali thanthwe la limestone lomwe madzi analidya mpaka kukhala ngati msewu woyalidwa, zigawo zake amati clints, ming'alu ya pakati amati grikes, ndinayendapo ndi mwana wanga titagwirana manja kuopa kuthyoka mwendo. Koma limene linandigwira mtima ndi Millstone Grit, dzina la mwala wa mapiri a Pennines, mwala wonse wa dera lalikulu chonchi kuutcha dzina la mphero chifukwa ndi umene ankasemera mphero. Ndinakumbuka agogo atagwada pa mphero yawo akupera mawere, kamwana ka mphero kali m'manja, mwala utakumbika pakati chifukwa cha zaka.

Ndiye pali stone wina amene si mwala konse, ndipo ameneyu amasokoneza aliyense wobwera kumene. Nditapita koyamba kukalembetsa kuchipatala anesi anandikweza pa sikelo n'kundiuza makilogalamu, koma mnzanga wa pa ntchito atandifunsa kulemera kwanga ndikumuuza 70 anangoti kakasi, kenako anawerengera n'kunena kuti ndiye kuti ndiwe eleven stone. Stone mmodzi ndi mapaundi 14, omwe ndi makilogalamu 6.35, ndipo anthu a ku Britain ndi Ireland amaugwiritsabe ntchito poyeza thupi la munthu ngakhale m'masitolo zonse zinapita ku makilogalamu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi pafupifupi 8 stone. Chenjerani, pa kulemera saika s kumapeto, ndi eleven stone osati eleven stones. Chiyambi chake n'chosavuta kumva kwa munthu woti anakulira pa msika, kale ankayezera katundu ndi mwala weniweni pa sikelo. Amereka muyeso umenewu saudziwa, iwo amangowerenga mapaundi.

Ena ndingowadutsa mwachangu. Nthanga yolimba ya mkati mwa mango, pichesi kapena peyala kuno amati stone, ku America amakonda kunena pit. Matalala ndi hailstones. Timiyala ta mu impso ndi kidney stones, ta mu ndulu ndi gallstones. Miyala ya mtengo wapatali ngati ya ku Chimwadzulu ku Ntcheu kapena ya ku Mzimba ndi gemstones kapena precious stones, koma m'Chingerezi cha mumsewu dayamondi wamkulu wa pa mphete amamutcha rock. Palinso miyala yobisala m'mawu a Chilatini ndi Chigiriki, calculus anali kamwala kowerengera, ndi komwe kunachokera calculate ndi kakyuleta yathu, ndiye ife amene tinaphunzira samu ndi timiyala m'thumba la shuga tinali pa njira yakale kwambiri. Petroleum ndi mafuta a m'thanthwe, petra yemweyo wa dzina la Petulo. Lithium wa m'mabatire a foni ndi lithos, mwala.

Pa zining'a ndi pamene munthu ungachite manyazi pagulu. On the rocks ikanenedwa za banja ndiye kuti banjalo likugwedezeka, chithunzi chake ndi sitima yomwe yagunda matanthwe, koma ikanenedwa mu bala ndi kachasu wa azungu wothira madzi oundana. Rock bottom ndi pamene munthu wafika pansi penipeni, pokumba pomwe khasu silingapitirire. A stone's throw ndi pafupi, pongogenda n'kufika. Set in stone ndi chinthu chosasinthika. Munthu akakuuzani kuti ndinu rock wake wakulemekezani kwambiri, akuti ndinu thanthwe lake, koma akati muli ndi heart of stone wakunenani kuuma mtima. Ndipo stoned, chonde samalani nalo, m'Baibulo ndi kuponyedwa miyala ngati Stefano, koma mumsewu ndi munthu amene wasuta chamba. Rock wa nyimbo uja ndi wina, sachokera ku thanthwe, amachokera ku mneni wakale wotanthauza kugwedeza, ngati kugwedeza mwana kuti agone, zangofanana kalembedwe. Ndipo mukapita ku Blackpool kapena Scarborough mwana akakupemphani stick of rock, akufuna switi yaitali yolimba yokhala ndi dzina la tawuniyo mkati mwake.

Zonsezi ndikulemba chifukwa zimandipweteka ndikaganiza ana angati kwathu akuphunzirabe Chingerezi ngati mndandanda wa mawu awiriawiri, ili ndi ili, ngati kusintha ndalama. Mwana amatuluka akuganiza kuti Chingerezi ndi cholemera ndipo Chichewa ndi chosauka, pamene vuto ndi lakuti mbali zonse ziwiri anamupatsa liwu limodzi limodzi. Mphunzitsi atatenga ana kupita nawo kumtsinje n'kuwauza kuti tolani nsangalabwi, iyi ndi pebble, khalani pa thanthwe, ili ndi rock, onani chimwala icho, ndi boulder, tapani mchenga, pitani kwa oswa kwale mukaone chippings, anawo sangaiwale, ndipo mawu athu omwe sangatayike. Chifukwa akutayika ndithu. Mwana wa achimwene anga wa ku Lilongwe, wa fomu 2, amadziwa sedimentary bwinobwino koma nditamufunsa nsangalabwi anaganiza kuti ndi mtundu wa nsomba. Sindikumunena mwanayo, palibe anamuuza.

Lamlungu lapitali ndinaimbira amayi pa WhatsApp, ndinawauza kuti amayi ndikulemba za miyala, tandikumbutseni mayina. Poyamba anaseka, amvekere mwana iwe unapita kutali konseko kukaphunzira miyala, koma atayamba sanafune kusiya. Anatchula nkhulungo, kamwala kosalala kokulungira mbiya ndi pansi pa nyumba akazira, anati yawo anaisiyira achemwali ndipo ikadalipo. Anatchula timiyala ta phada tomwe ankasunga m'chitini ali mtsikana, tosankhidwa tofanana bwino, ndi mwala wa kumtsinje wochapirapo zovala umene mudzi wonse unkaudziwa, ndi wotsukira mapazi, ndi wa legeni womwe ine ndinaswera nawo mtsuko wa agogo. Kenako anafika pa mafuwa, n'kundifunsa kuti nanga azunguwo mafuwa amati chiyani.

Ndinayamba kunena hearthstone koma ndinadziletsa, chifukwa hearthstone ndi mwala waphanthi woyala patsogolo pa moto wa m'nyumba, ndayalapo ingapo ndi bwana, suikapo mphika. Ndinawauza kuti liwu limodzi la mafuwa alibe amayi, akafuna kuwatchula amachita kufotokoza kuti miyala itatu yophikirapo. Kunali zii pang'ono, ndimamva nkhuku kumbuyo kwawo ndi wailesi ya aneba. Kenako anati, ndiye ukawauze bwana akowo kuti ndi mafuwa, limodzi ndi fuwa, ndipo amakhala atatu chifukwa pa awiri mphika sukhala. Lolemba m'mawa tili pa khoma ndinawauza, anayesa kulitchula kawiri, kachitatu analikhoza, n'kundipatsira chidebe cha hearting kuti tipitirize.